Laibulale inali m'mutu mwanga

Pali bambo ena achikulire omwe akhala akubwera ku laibulale kwathu kwa zaka zambiri, ndipo sanatchulepo mutu wa buku ngakhale limodzi. Akafika amavula chipewa, n'kutsamira pa kauntala, n'kunena kuti, "Mayi, ndikufuna lija lofiira, la matenda a nkhuku lija." Ine ndinkangodzuka osatsegula dilowa iliyonse, kulunjika ku shelefu ya 636.5, kutambasula dzanja, n'kubwera nalo. Bambowo ankaseka n'kumati, "Laibulale ndi inuyo, Mayi. Zinazi ndi zipupa chabe." Mawu amenewo ndinkapita nawo kunyumba ngati malipiro apadera.

Ntchitoyi ndaigwira zaka zoposa 20, ndipo ndinaiphunzira pa makhadi. Amene simunawaonepo, khadi la katalogi limakhala la masentimita 7.5 ndi 12.5, lili ndi kabowo mmunsi kolowetsapo kachitsulo kuti munthu asalisolole m'dilowa. Buku limodzi linkafuna makhadi osachepera atatu: la dzina la wolemba, la mutu wa buku, ndi la nkhani yomwe bukulo likukamba. Onsewo tinkataipa pa taipilaita, ndipo ukalakwitsa chilembo pa khadi lachitatu unkang'amba n'kuyambiranso. Mpaka lero zala zanga zimamenya kiyibodi ngati yandilakwira. Anzanga a mu ofesi amati amadziwa kuti ndafika asanandione.

Chaka china ndinadwala n'kukhala kunyumba milungu itatu. Foni inkalira tsiku lililonse. Buku lakuti lili pati? Malipoti akale aja munawaika kuti? Pali munthu akufuna mapu, tiyang'ane mbali iti? Ndinkayankha ndili chigonere, maso ali chitsinzinire, ndikuona shelefu iliyonse ngati ndaima patsogolo pake. Nditabwerera anandilandira ndi mawu oti popanda ine zinthu zinaima. Ndinakondwera kwambiri. Panapita zaka ndisanamve mbali inayo ya mawu amenewo.

Nkhani yoti katalogi ilowe mu kompyuta inabwera pa msonkhano wa Lolemba mmawa. Sindinatsutse. Anthu a msinkhu wanga sititsutsa pa msonkhano, timangochedwetsa zinthu mwaulemu. Ndinafunsa kuti magetsi akathima tidzatani, netiweki ikavuta tidzatani, nanga okalamba omwe sanagwirepo kompyuta tidzawataya kodi. Mafunso onsewo anali oona, ndipo ena mwa iwo ndikuwafunsabe. Koma chenicheni chomwe chinkandidya sindinachitchule. Kompyutayo sindinkaidziwa. Imelo ndinali nayo, yonditsegulira mwana wa mchemwali wanga, ndipo kalata ndinkatha kuitaipa n'kuipulinta. Kupitirira pamenepo kunali mdima. Kabokosi kakatulukira pa sikirini kakundifunsa funso, ndinkangodina paliponse kuti kachoke, ngati munthu woingitsa ntchentche.

Anatipatsa mnyamata wophunzira ntchito kuti atithandize, wobadwa ine nditayamba kale kudinda mabuku. Anali waulemu, koma manja ake anali achangu kuposa maso anga. Ankandionetsa chinthu, sikirini n'kusintha katatu, kenako n'kufunsa, "Mwaona, Mayi?" Ine ndinkati ndaona. Akatuluka ndinkatulutsa kope m'chikwama n'kulemba zomwe ndakumbukira: dina kumanzere, pamwamba, chachitatu kuchokera kumapeto. Kopelo linandithandiza kwa masiku anayi. Tsiku lachisanu wina anachepetsa windo ya pa sikirini, mabatani onse n'kusuntha, ndipo chachitatu kuchokera kumapeto chinali chinthu china. Ndinakhala mphindi makumi awiri ndikuyang'ana sikirini, nkhope ili ngati ya munthu wotanganidwa, kuopa kuti wina angandifunse chomwe chavuta. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Poti kachipangizo kogwira m'manja kaja amakatcha mausi, kutanthauza mbewa, mwambiwo unkakhala ngati ukundiseka pa desiki pomwepo.

Madzulo ake titatseka ndinamuitana. "Achimwene, takhalani pansi. Zonse mwakhala mukundionetsa sabata inoyi sindinatolepo kanthu. Tiyambirenso. Koma lamulo ndi limodzi, dzanja lanu lisakhudze mausi." Anadabwa, kenako anakoka mpando n'kukhalira manja ake enieniwo, kuti asaiwale. Kuyambira tsiku limenelo ndimamutcha aphunzitsi, poyamba mwanthabwala, pano n'chizolowezi. Ndipo aliyense wondifunsa mmene angaphunzitsire kholo lake kapena mkulu wa kuntchito, ndimamuuza zomwezo. Wodziwa akalanda mausi, ntchitoyo imatheka msanga, koma wophunzirayo amatsala pomwe anali, kungowonjezerapo manyazi.

Pulogalamu yomwe tinasankha ndi Koha. Ndinaikonda ndisanaidziwe, chifukwa cha mbiri yake. Inalembedwa ku New Zealand mu 1999, kulembera malaibulale ang'onoang'ono a dera la Horowhenua, omwe pulogalamu yawo yakale inkaopedwa kuti isokonezeka chaka chikafika 2000. Inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2000, ndipo eni ake anaipereka kwa aliyense kwaulere kuti aigwiritse ntchito ndi kuikonza mmene angafunire. Dzinalo ndi la chinenero cha Amaori, ndipo limatanthauza mphatso. Zinandilimbitsa mtima kumva kuti chinthuchi chinayambira kwa anthu a laibulale yaing'ono omwe anali pa mpanipani, osati mu ofesi ya kampani yaikulu.

Koma tsiku loyamba kutsegula tsamba lolembapo buku latsopano, mtima unagwa. Manambala okhaokha kutsika mmunsi: 020, 082, 100, 245, 300, 650, aliyense ali ndi timabokosi take ta zilembo a, b, c. Aphunzitsi anati zimenezi ndi MARC, dongosolo lolembera tsatanetsatane wa buku mu kompyuta, ndipo ankaziloweza ngati ndakatulo, osadziwa chifukwa chake zili choncho. Ndinatenga khadi limodzi lakale m'dilowa n'kuliimika pambali pa sikirini. Ndinayang'ana khadi, kuyang'ana sikirini, kuyang'ananso khadi. Kenako ndinaseka mokweza mpaka mlonda anasuzumira. Linali khadi langa lomwe lija, longodulidwa nthulinthuli. Mzere wapamwamba wa dzina la wolemba ndiwo 100. Mutu wa buku ndi 245. Kuchuluka kwa masamba ndi kutalika kwa buku, zija tinkayeza ndi rula, ndi 300. Timitu ta nkhani tija tinkataipa mmunsi mwa khadi ndi 650. Nambala ya Dewey, ija yosonyeza malo a buku pa shelefu, ndi 082. ISBN, nambala yozindikiritsa buku yosindikizidwa pa bukulo, ndi 020. Tsiku limenelo ndine ndinaphunzitsa aphunzitsi, ndipo sindibisa, ndinatalikitsa phunzirolo dala.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti MARC inakonzedwa ku Library of Congress, ku Washington, m'zaka za m'ma 1960, motsogozedwa ndi mayi wina dzina lake Henriette Avram. Mayiyu sanaphunzire za laibulale, anali wolemba mapulogalamu a kompyuta. Kuti agwire ntchitoyo anayenera kukhala pansi n'kuphunzira khadi lathu, mzere ndi mzere, kuti amvetse chifukwa chake kadontho kali apa osati apo. Ndinamva ngati tinakumana pa mlatho, iye akuchokera tsidya lija kudzaphunzira khadi, ine patapita zaka zoposa 50 ndikuchokera tsidya lino kukaphunzira manambala ake. Makhadiwo sanafe msanga ngati mmene anthu amaganizira. Bungwe la OCLC la ku Ohio, lomwe limayendetsa katalogi yaikulu ya WorldCat, linasiya kusindikiza makhadi mu 2015.

Chinthu china chinandisangalatsa ngati mwana. Mu Koha muli njira yotchedwa Z39.50, dzina losakoma koma ntchito yake ndi yokoma. Umalemba ISBN ya buku, pulogalamuyo n'kukagogoda ku makatalogi a malaibulale akuluakulu, n'kukubweretsera zonse zolembedwa kale. Iwe umangoona ngati zikugwirizana ndi buku lili m'manja mwako, kukonza pofunika kukonza, n'kusunga. Ntchito ya theka la ola inkatha m'mphindi ziwiri. Koma si mabuku onse. ISBN inayamba kufala cha m'ma 1970, choncho mabuku akale alibe. Timabuku ta makampani ang'onoang'ono, malipoti, zolemba za ophunzira, ndi mabuku a m'zinenero zomwe malaibulale akuluakulu sasunga kawirikawiri, ukagogoda palibe woyankha. Amenewo umalemba wekha kuyambira pa chiyambi, ndipo ndinazindikira kuti ndi amene ali ofunika kuwalemba mosamala kwambiri, chifukwa mwina palibenso wina padziko amene adzawalembe.

Tsopano ndifike pa ngozi yanga, yomwe mpaka lero ndikaikumbukira m'mimba mumatentha.

Kuti ntchito ifulumire tinagwirizana kuti mabuku a mashelefu ena tiyambe tawalemba mu sipuredishiti, tsamba la pa kompyuta la mizere ndi timabokosi, mzere umodzi buku limodzi, kenako tidzawalowetse onse pamodzi. Ntchito imeneyo ndinaitenga ine, chifukwa kutaipa ndiye kwathu. Milungu itatu ndinkafika molawirira n'kuweruka mochedwa. Aphunzitsi anaisunga fayiloyo mu mtundu wotchedwa CSV, womwe ndi malemba okhaokha olekanitsidwa ndi zizindikiro za koma (,). Tsiku lina ali kwina ndinakumbukira kuti ndinalakwitsa dzina la wolemba wina. Ndinatsegula fayilo ija, kukonza dzinalo, kusunga. Kabokosi kanatulukira kakufunsa chinachake, ine n'kuingitsa ntchentche monga mwa masiku onse.

Mawa lake aphunzitsi anatsegula fayiloyo n'kukhala chete kwa nthawi. Kenako anati, "Mayi, tabwerani muone." Mu mzere wa ISBN, buku lililonse linali ndi nambala yofanana: 9.78E+12. Kutsika mmunsi, 9.78E+12, mpaka kumapeto. Anandifotokozera pang'onopang'ono. Kuyambira mu Januwale 2007 ISBN imakhala ndi manambala 13, ndipo ambiri amayamba ndi 978. Pulogalamu ya sipuredishiti ikaona manambala ataliatali choncho imaganiza kuti ndi chiwerengero chachikulu, ngati cha ndalama kapena cha mchenga, ndiye imachifupikitsa mwa masamu. Ukasunga mu CSV imalemba chofupikitsidwacho, manambala enawo n'kutayika. Kwa ife ISBN si chiwerengero, ndi dzina. Nambala yomaliza imachita kuwerengeredwa kuchokera pa 12 zoyambazo, kuti ukalakwitsa imodzi kompyuta ikugwire. Zonsezo zinapita.

Sizinathere pomwepo. Pulogalamuyo inaonanso kuti ziro wa kutsogolo kwa nambala alibe ntchito, n'kumuchotsa. Mu dongosolo la Melvil Dewey, lomwe linatuluka koyamba mu 1876, nzeru zonse zinagawidwa m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 900, ndipo nambala iliyonse imayenera kukhala ndi manambala atatu kadontho kasanabwere. Mabuku a zaulimi ku 630 ndi a zachipatala ku 610 anapulumuka. Omwe anavulala anali a gulu loyamba. 004 inasanduka 4, ndipo 020 inasanduka 20. Amene mumaidziwa Dewey mwaseka kale: 004 ndi mabuku a za kompyuta, 020 ndi mabuku a za ntchito ya laibulale. Kompyuta inasankha kuluma eni ake ndi ine.

Ndinafunsa ngati pali kope lina la fayiloyo. Panalibe. Aphunzitsi anayamba kupepesa kuti anayenera kusunga lina pa fulashi, ine ndikupepesa kuti ndinayenera kuwerenga kabokosi kaja, mpaka tonse tinatopa ndi kupepesana. Madzi akatayika saoleka. Tinatenga ngolo ya mabuku n'kubwerera ku mashelefu, iye akuwerenga ma ISBN a pa mabuku ndi kachida kotchedwa sikana, ine ndikuona pa sikirini. Njira yopewera vutoli ndi yaing'ono moti imakwiyitsa: umauza pulogalamuyo kuti mzere umenewu ndi wa malemba, usauone ngati manambala. Kuyambira pamenepo kabokosi kalikonse ndimakawerenga mokweza, mawu ndi mawu, ngakhale pakhale anthu. Ndipo Lachisanu lililonse sinditseka chitseko ndisanaone ndi maso anga kuti katalogi yakoperedwa malo awiri.

Komabe chomwe chinandipweteka kwambiri si ngozi imeneyo. Ngozi ndi ngozi, umalira n'kuiwala. Chinandipweteka ndi chomwe chinaoneka ntchito itayenda bwino.

Mabuku atalowa, aphunzitsi analemba dzina la wolemba wina wotchuka kuti tiyese. Panatuluka mabuku anayi. Ine ndinati ayi, ameneyo tili ndi mabuku ake 11, ndikhoza kukuwerengerani. Tinafufuza. Zinapezeka kuti pa zaka zonsezi dzina la munthu mmodziyo ndinalilemba mitundu inayi: pena dzina lonse, pena zilembo zoyamba zokha, pena ndi kamzere pakati, pena ndi chilembo chimodzi chosiyana. M'dilowa makhadi amenewo ankagona moyandikana, ndipo chala chikamadutsa chinkawapeza onse, diso n'kukhululuka. Kompyuta sikhululuka. Kwa iyo anali anthu anayi osadziwana. Timitu ta nkhani ndiye tinali poipa. Buku lina ndinalilemba pansi pa "nkhuku", lina pansi pa "ziweto", lina pansi pa "mbalame zoweta", malinga ndi mmene ndinadzukira tsikulo. Ku sukulu anatiphunzitsa kuti dzina lililonse ndi mutu uliwonse zizikhala ndi kalembedwe kamodzi kovomerezeka, ndipo ndinakhoza mayeso ake. Kungoti pa ntchito ndinalekerera, chifukwa panalibe chondikakamiza. Ndinkadziwa pomwe chilichonse chili.

Tikuyenda ndi sikana tinapezanso mabuku omwe analibe khadi ndi limodzi lomwe, ena a zaka khumi pa shelefu. Ndinkawadziwa onse. Ndinawaika "pongoyembekezera" tsiku lomwe anafika, ndipo poti aliyense wowafuna ankadzera kwa ine, sindinaone vuto. Ena ndinawachotsa pa nambala yawo n'kuwaika pafupi ndi kauntala chifukwa amafunidwa kawirikawiri, osalemba paliponse. Aphunzitsi, mosaganiza kuti akulasa, anati, "Ndiye kuti katalogi yeniyeni inali inuyo, Mayi. Makhadiwa anali ongoperekeza." Anali mawu omwe aja a bambo a chipewa, koma tsiku limenelo anandilowa mwina. Ndinakumbukira milungu itatu ya matenda ija ndi foni yolira tsiku lililonse. Anthu ankandifuna chifukwa ndinkadziwa, inde. Koma ankandifunanso chifukwa zomwe ndinkadziwazo sindinazilembe pomwe wina akanazipeza. Munthu wamanyazi, woopa kufunsa, kapena wofuna buku la nkhani yomwe sakufuna kuitchula pa kauntala pali anthu, ankabwerera chimanjamanja ine osadziwa n'komwe. S. R. Ranganathan wa ku India analemba mu 1931 malamulo asanu a ntchito yathu, ndipo lachinayi limati tisamutayitse nthawi wowerenga. Ndinkaliloweza bwino lomwe. Sindinaganizepo kuti kudikira kuti ine ndibwere kuchokera ku nkhomaliro kunalinso kutaya nthawi.

Chaka chotsatira chonse chinali chokhuthula mutu. Madzulo aliwonse ndinkatenga dilowa imodzi, kugwirizanitsa mayina, kusankha mutu umodzi wa nkhani n'kulozera inayo kwa iwo. Ndi ntchito yosaoneka, palibe amene amakuyamikira, ndipo imatopetsa maso. Mu MARC muli malo olembapo ndemanga za buku la pa laibulale yako yokha, 590. Mmenemo ndinayamba kuthiramo zija zinali m'mutu: lili ndi mapu opinda kumapeto, masamba 40 mpaka 44 anang'ambika, ana a sukulu amalitcha dzina lakuti. Pa buku lija la 636.5 ndinalemba kuti chikuto chofiira. Aphunzitsi anati zimenezo sizili m'malamulo. Ndinati malamulowo sanakumanepo ndi bambo a chipewa.

Zida zina ndinazidutsa mothamanga. Kuli ndondomeko yotchedwa 23 Things, yomwe Helene Blowers anayambitsa mu 2006 ku laibulale ya ku Charlotte, ku North Carolina, yoti ogwira ntchito aziyesa kachida kamodzi ka pa intaneti nthawi imodzi, mosewera, popanda mayeso. Malaibulale ambiri m'mayiko osiyanasiyana anaitengera. Ndinaitsatira ndekha mwa apo ndi apo, ndipo ndinapeza kuti zina mwa zida za pa mndandanda woyambawo zinatsekedwa kalekale. Zimenezo zinandichotsa mantha ena. Ngati zida zimafa chonchi, palibe chifukwa choloweza pomwe batani lili. Kope langa lija la "chachitatu kuchokera kumapeto" ndinalitaya. Masamba a mchezo ndinawasiyira achinyamata, ine ndimangowauza maola otsegulira akasintha. Pasiwedi ndinasiya kuimata kunsi kwa kiyibodi, ngakhale ndinachita kukalipiridwa kaye.

Kufufuza ndiko kunandikoka mtima. Ambiri amaganiza kuti kufufuza pa intaneti ndi kulemba funso lonse mu Google n'kutenga chapamwamba. M'nkhokwe za magazini a kafukufuku muli timawu titatu, AND, OR ndi NOT, tochokera ku masamu a George Boole, Mngelezi wa m'zaka za m'ma 1800. Chosokoneza n'choti timagwira ntchito mosemphana ndi mmene timayankhulira. Pakamwa, ukati ichi ndi icho, zinthu zimachuluka. M'nkhokwe, AND amachepetsa, chifukwa ukufuna zolemba zokhazo zomwe zili ndi mawu onse awiri. OR ndi amene amachulukitsa. Ophunzira amalakwitsa pamenepa tsiku ndi tsiku, koma ine sizinandivute, chifukwa ndi zomwe ndinkachita ndi madilowa awiri otsegula, chala china uku china uku. Ndinaphunzira Google Scholar, yomwe inayamba mu 2004. Ndinaphunzira DOAJ, mndandanda wa magazini owerenga mwaulere omwe anaunikidwa, womwe unayambira ku yunivesite ya Lund ku Sweden mu 2003. Ndinaphunzira za Research4Life, yomwe imatsegulira mabungwe a m'mayiko osauka magazini odula, kuyambira ndi Hinari ya zaumoyo mu 2002 ndi AGORA ya zaulimi mu 2003. Linki ikafa ndimakaisaka ku Wayback Machine ya Internet Archive, ndipo nthawi zambiri tsambalo ndimalipeza mmene linalili. Ndinaphunziranso kuti kuli magazini achinyengo, ongofuna ndalama za wolemba, osaunika chilichonse. Jeffrey Beall wa ku Denver, wa laibulale ngati ine, ankasunga mndandanda wa oterowo mpaka unachotsedwa mu Januwale 2017. Kukayikira chosindikizidwa ndi luso lakale la ntchito yathu. Kale tinkatembenuza buku kuona amene analisindikiza, lero timayang'ana ngati akonzi otchulidwa pa tsambalo alikodi.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wa ku koleji ali ndi pepala la zolemba zisanu ndi zitatu zomwe amafuna. Zinali zolembedwa mwaukhondo, wolemba, chaka, magazini, masamba, mpaka DOI, nambala ija yoyamba ndi 10 yomwe imakufikitsa pa cholembedwa chenichenicho. Aphunzitsi anapeza zitatu msangamsanga. Zisanu zinakana. Anayesa uku, anayesa uku, thukuta kutuluka, akuganiza kuti vuto ndi iye. Patatha pafupifupi ola ndinasendera n'kufunsa mtsikanayo, "Mwanawe, mndandandawu wautenga kuti?" Anayang'ana pansi. Anati anafunsa imodzi mwa mapulogalamu aja amayankha ngati munthu. Tinayesa ma DOI aja limodzi ndi limodzi. Ena sanafike kulikonse, ena anatifikitsa pa nkhani zosagwirizana n'komwe. Olembawo analipodi, magaziniwo analipodi, koma zolembazo sizinalembedwepo. Mapulogalamu amenewa amalukanitsa mawu omwe amaoneka oyenera kutsatana, ndiye akhoza kukupangira dzina la cholembedwa looneka bwino kuposa lenileni.

Sindinamukalipire. Ndinamufunsa funso lomwe ndakhala ndikufunsa anthu kuyambira nthawi ya taipilaita: chenicheni chomwe ukufuna kudziwa n'chiyani? Zinapezeka kuti mutu wa ntchito yake unali wopapatiza kuposa zomwe anafunsa pulogalamuyo, ndipo mwa zitatu zenizeni zija chimodzi chokha ndicho chinali chomuthandiza. Tinakhala naye mpaka nthawi yotseka, iye atagwira mausi, ine nditakhalira manja anga. Atapita, aphunzitsi anandifunsa kuti ndinadziwa bwanji. Sindinadziwe. Kungoti munthu akabwera ndi pepala, ine ndimayamba ndafunsa za pepalalo ndisanafunse makina.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindinagwirizane nacho mpaka pano, ndipo ndinalimbana nacho pa msonkhano, ine amene sinditsutsa pa msonkhano. Pulogalamu ikhoza kusunga mndandanda wa mabuku onse omwe munthu anabwerekapo, zaka ndi zaka. Ena anati n'zothandiza, tizidziwa zomwe anthu amakonda. Ine ndinakumbukira kakhadi ka m'thumba la kumapeto kwa buku, komwe aliyense ankatha kuwerenga mayina a onse omwe analibwereka, ndi mayi wina yemwe anandipempha monong'ona kuti ndisalembe dzina lake pa buku la matenda ena. Kakhadi kaja kankaulula buku limodzi. Kompyuta ikhoza kuulula moyo wonse wa munthu pa kudina kamodzi. Tinagwirizana kuti buku likabwezedwa, pakapita kanthawi dzina la wobwereka lizifufutika. Koha imalola zimenezo, ndipo ndinachita kupempha kuti andionetse pomwe amatcherapo kuti nditchere ndekha.

Kabati ya makhadi ikadali pakona. Ena amafuna ichotsedwe, ine ndimati dikirani kaye, ndipo chifukwa chomveka ndilibe. Ana amakonda kukoka madilowa ake n'kumafunsa kuti munkasungamo chiyani.

Mwezi wathawu ndinatenga tchuthi cha milungu iwiri, choyamba chachitali chichokereni matenda aja. Foni ndinaiika pa tebulo pafupi, mawu ake nditakweza. Lolemba sinalire. Lachiwiri sinalire. Lachitatu ndinaitenga n'kuona ngati ili ndi netiweki, kenako ndinapempha mwana wa mchemwali wanga kuti andiimbire, tione ngati ikulira. Inalira bwinobwino. Aphunzitsi anadzaimba Lachinayi la sabata yachiwiri. Anati bambo a chipewa anabwera kudzafuna lija lofiira, iye analemba "chofiira" ndi "nkhuku" n'kulipeza, ndipo bambowo anafunsa ngati ndili bwino. Ndinadikira kuti afike pa vuto lomwe waimbira.

"Palibe vuto, Mayi," anatero. "Kungoti inki ya chidindo yatha. Botolo lina munaliika pati?"

Lili m'dilowa yachiwiri ya kabati ya makhadi, kuseri kwa chilembo B. Sindinalembe paliponse.